Phunziro la Sabata Ino: Manja pa Ntchito, Mtima Uli Kuti?

Werengani: Luka 10:38-42

Ambiri a ife timagwira ntchito maso ali pa wotchi. Abwana akufuna lipoti isanakwane 4 koloko, pakhomo anthu ali pamzere, foni nayo ikulira. Madzulo timafika kunyumba titatheratu, koma wina atatifunsa chimene tachita lero, timasowa choyankha. Manja anagwira, koma maganizo anali kwina.

Tiyeni tikaphunzire kumudzi. Ku Mitundu ndi ku Nathenje, m'midzi yoyandikana ndi mtsinje wa Diamphwe, mvula ikamatha mlimi amakhala pansi m'chigafa kusankha fodya. Tsamba lililonse amalitambasula kuti aone mtundu wake, kutalika kwake, ndiponso ngati ndi lam'munsi kapena lakunsonga. Wopupuluma amamanga belo msanga ndithu. Koma akasakaniza magiredi kapena kusiya ulusi wa pulasitiki mkati, ku msika wa Kanengo belolo limabwezedwa kapena kugulidwa motchipa. Likabwezedwa, ayenera kulimasula ndi kuyambiranso. Kuthamanga sikufika.

Wosankha mofatsa amagwira kamodzi kokha. Chinanso, pomaliza amakhala atauwerenga munda wake: mbali iyi inaperewera feteleza, masamba awa ndinathyola mochedwa. Ntchito yamuphunzitsa, ndipo chaka chamawa adzalima bwino. Choncho changu chenicheni ndi tanthauzo la ntchito zimachokera pamalo amodzi, pamene maganizo onse ali pa chimene tikuchita.

Mu Mthenga Wabwino, Yesu sanadzudzule Marita chifukwa chophika, pakuti alendo amafunika kudya. Chimene anaona n'chakuti mtima wake unabalalika ndi zambiri, mpaka anayamba kudandaula za m'bale wake pamaso pa Mlendo amene ankamuphikirayo. Nafenso tikabalalika timaiwala munthu amene tikumutumikira. Wodwala amasanduka nambala, wophunzira amasanduka pepala loti lichongedwe.

M'chaka cha 1981, m'kalata yotchedwa Laborem Exercens, Papa John Paul II anaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito umachokera kwa munthu amene akuigwira, kaya ndi ya khasu kapena ya pakompyuta. Ntchito ilipo chifukwa cha munthu. Ngati ndi choncho, kugwira ntchito mtima ulibepo ndi kudzichepsa tokha.

Sabata ino tiyese zinthu zitatu. Choyamba, musanayambe, chitani chizindikiro cha mtanda ndipo dzifunseni kuti ntchitoyi ithandiza ndani. Chachiwiri, patulani ola limodzi la ntchito yovuta kwambiri, foni ili m'chikwama, WhatsApp itatsekedwa. Chachitatu, zing'onozing'ono zosafuna kuganiza kwambiri zichiteni mwachangu, kuti nthawi itsalire zimene zikukhudza moyo wa munthu, monga mulingo wa mankhwala, malipiro a wantchito kapena mwana amene sakumva phunziro.

Zokambirana ku mphakati:
1. Ndi ntchito iti imene munaibwereza chifukwa chopupuluma, ndipo anavutika nayo ndani?
2. Kodi tingamuuze bwanji bwana mwaulemu kuti ntchito ina ikufunika nthawi yokwanira?

Tipemphere: Ambuye Yesu, munagwira ntchito ya ukalipentala ku Nazareti. Sonkhanitsani maganizo athu obalalika, kuti chimene manja athu agwira, mtima ukhalenso pomwepo. Yosefe Woyera, mutipempherere ife. Amen.