Lachitatu: Dandaulo la Akazi Amasiye (Machitidwe 6:1-7)

Mpingo wa ku Yerusalemu unakula mofulumira. Pa tsiku la Pentekoste panabatizidwa anthu pafupifupi 3,000 (Mach. 2:41), ndipo posakhalitsa amuna okha anafika pafupifupi 5,000 (Mach. 4:4). Koma walira mvula walira matope. Mu mpingomo munali magulu awiri a Ayuda: Ahebri, olankhula Chiaramu, ndi Ahelene, olankhula Chigriki, amene ambiri a iwo anachokera ku maiko akutali. Ahelene anayamba kudandaula kuti akazi amasiye a mbali yawo anali kulambalalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Werengani Machitidwe 6:1-4. Kodi atumwi anachitanji atamva dandauloli? Nanga n'chiyani chimene sanachite?

Atumwi sanadzudzule odandaulawo kuti akugawa mpingo, ndiponso sanataye nthawi ndi kudziikira kumbuyo. Anasonkhanitsa okhulupirira onse, nawauza kuti asankhe amuna 7 a mbiri yabwino, odzazidwa ndi Mzimu ndi nzeru, kuti ayang'anire ntchitoyo. Apa tikuona kuleza mtima kumene Paulo akutchula pa 1 Akorinto 13:4. Chikondi choleza mtima chimamvetsera mpaka wodandaula atamaliza kulankhula, ngakhale mawu ake atakhala owawa.

Werengani vesi 5. Kodi maina a osankhidwawo akutiphunzitsa chiyani?

Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timo, Parmena ndi Nikolao: onsewa ndi maina a Chigriki, ndipo Nikolao anali wa ku Antiokeya, wotembenukira ku Chiyuda. N'chifukwa chake ophunzira Baibulo ambiri amaona kuti mpingo unapereka udindo wogawa chakudya m'manja mwa mbali imene inali kudandaulayo. Ahebri sanaumirire kuti thumba likhalebe kwa iwo. Analolera kutaya ulamuliro kuti asataye abale awo. Ichi ndicho chikondi chosatsata za mwini yekha (1 Akor. 13:5, Afil. 2:3, 4).

Zotsatira zake tikuziona pa vesi 7. Mawu a Mulungu anafalikira, ophunzira anachuluka, ndipo ansembe ambiri analandira chikhulupiriro. Mwa amuna 7 aja munatuluka Stefano, woyamba kufera dzina la Yesu, ndi Filipo, amene analalikira ku Samariya nabatiza mdindo wa ku Itiyopiya (Mach. 7, 8).

Ifenso timasiyana zinenero, mitundu ndi kapezedwe. Timakhumudwitsana posankha akulu a mpingo ndi madikoni, pogawa thandizo la a Dorika, ngakhale posankha chinenero choimbira nyimbo. Tikamatseka pakamwa olirawo, mpingo ungaoneke wabata pa Sabata, koma mitima ili patalipatali. Umodzi umene Yesu anaupempherera (Yoh. 17:21) umasungika pamene amene tili ndi mphamvu tivomera kugawana nawo amene aiwalika.

Ndani mu mpingo wanu amene akudziona wolambalalidwa? Kodi ndi udindo kapena ufulu uti umene mungalolere kuusiya sabata ino kuti mbale kapena mlongo ameneyo asachoke?