Phunziro: Maluwa Othawa M'mipanda ndi Zomera Zachilendo M'matauni Athu

Mwezi wa Meyi ukafika, munthu woyenda pa msewu wochokera ku Blantyre kudzera pa Thondwe mpaka mu mzinda wa Zomba amaona maluwa achikasu atayala m'mbali mwa msewu ndi m'magombe a mitsinje. Ameneyu ndi deliya. Ambiri a ife tinabadwa n'kumupeza, motero timamuyesa chomera cha makolo athu. Koma kwawo kwa deliya ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo, ndipo anafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo uyu sanakamuke ayi: anatuluka mu mpanda, nakhazikika kuthengo.

Phunziro lino lalembedwera mafumu, makhansala, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera, makomiti a misika, komanso eni nyumba onse. Mfundo yake ndi yakuti zomera zambiri zimene zikulanda malo m'matauni zinayambira pakhomo pa munthu, ndipo pakhomo pomwepo ndi pamene tingazigwire mosavuta.

Chomera chachilendo chimaipa liti?

Sikuti chilichonse chochokera kunja ndi mdani. Chimanga, chinangwa, mbatata ndi matimati kwawo ndi ku America, ndipo mango anachokera ku India. Ngakhale chisoso ndi mwamunaaligone, zimene timathyola ngati ndiwo, ndi udzu wochokera ku America. Kubweretsa zomera kuchokera kutali si chinthu chatsopano m'boma lathu. Munda wa zomera wa mu mzinda wa Zomba unayambitsidwa ndi Alexander Whyte m'chaka cha 1891, ndipo ntchito yake ina inali kuyesa mbewu ndi mitengo ya kwina ngati ingachite bwino kuno.

Chomera chachilendo chimasanduka vuto chikayamba kudzifalitsa chokha ndi kupondereza zinzake. Kwawo chimakhala ndi tizilombo ndi matenda amene amachibweza kuti chisachuluke. Chikafika kuno chimakhala chasiya adani akewo m'mbuyo, ndiye chimangoswana popanda wochiletsa.

Zimathawa bwanji?

Njira yoyamba ndi zinyalala za m'munda wa maluwa. Munthu akasadza mpanda wake, nthambi amakazitaya m'ngalande, kudambo kapena pa puloti yosamangidwa. Nthambi za deliya zikagwa pa dothi lachinyezi zimaphuka mizu. Njira yachiwiri ndi mbalame, zimene zimadya zipatso n'kukasiya njere kutali. Yachitatu ndi madzi a mvula, amene amakokolola njere kuchokera m'ngalande kupita m'mitsinje ya Likangala ndi Domasi, ndipo mitsinje imeneyi imakathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Yachinayi ndi mchenga ndi dothi zimene magalimoto amatuta kupititsa kumalo omanga. Dothi lokumbidwa n'kusiyidwa poyera ndiye malo amene zomera zotere zimakonda kwambiri, ndipo m'matauni malo otere sasowa.

Lantana

Ichi ndi chitsamba chatiminga, cha masamba okakala ndi onunkha, chimene chimachita timaluwa tosakaniza mitundu, tachikasu, tofiirira ndi tofiira, pamutu umodzi. Kwawo ndi kumaiko otentha a ku America, ndipo anthu anachifalitsa ngati duwa ndi mpanda. Bungwe la IUCN linachiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo zoopsa kwambiri pa dziko lonse.

Lantana akakhazikika amalukana n'kupanga ziyangoyango zosadutsika, ndipo pansi pake udzu wa ziweto ndi mbande za mitengo sizimera. Ng'ombe ikadya masamba ake ambiri chiwindi chimaonongeka, khungu limatupa ndi kusupuka ikakhala padzuwa, ndipo imatha kufa. Tizipatso take tosapsa tili ndi poizoni, choncho ana achenjezedwe. M'tauni chitsambachi chimatseka tinjira ta kumjigo ndi kusukulu, n'kusanduka kotayirako zinyalala ndi kobisalirako anthu a zolinga zoipa.

Namasupuni

Namasupuni anachokera ku mtsinje wa Amazon ku South America. Chimene chinakopa anthu ndi duwa lake lokongola, ndipo maiko ambiri anamulandira kuti akongoletse maiwe a m'minda ya maluwa. Madzi akakhala ofunda ndi a chonde, namasupuni amatha kuwirikiza kawiri pa milungu iwiri yokha, ndipo njere zake zimakhala zamoyo m'matope kwa zaka zambiri.

Zotsatira zake tikuziona pafupi pomwepa, mu mtsinje wa Shire. Pa Liwonde, pamene pali Kamuzu Barrage, pamafunika ntchito yosalekeza yotchinga ndi kuvuula udzu woyandama kuti usakatseke makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa tizilombo ta mtundu wa anankafumbwe timene timadya namasupuni yekha, ndipo tinathandiza kumuchepetsa, koma sanatheretu. Pamene wayala, bwato silidutsa, mpweya m'madzi umachepa kotero kuti nsomba zimavutika, ndipo udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo zimapeza pokhala. Chonde chimene chimamunenepetsa chimachokera kwa ife: feteleza wokokoloka m'minda, zonyansa za m'zimbudzi ndi zinyalala za m'misika.

Deliya ndi ena a nkhope ziwiri

Zomera zina n'zovuta kuziweruza chifukwa zili ndi phindu. Masamba a deliya ndi manyowa abwino, ndipo alimi ena amawanyika m'madzi n'kupopera ndiwo zamasamba pothamangitsa tizilombo. Lukina ndi chakudya cha ziweto, koma njere zake zimamera mothithikana paliponse pamene zagwa. Tizipatso tachikasu timene timagulitsidwa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba timachokera ku chitsamba chaminga cha ku mapiri a Himalaya, chomwe chimapatsa anthu ndalama koma chimatsamwitsa mitengo ing'onoing'ono.

Ponena za zomera zotere, sitikuti zithetsedwe zonse. Tikuti mwini wake aziyang'anire. Deliya wa pa mpanda asadzidwe asanakhwimitse njere, masamba apite ku manyowa. Wa m'mbali mwa mtsinje azulidwe, chifukwa m'chilimwe amauma n'kukhala chakudya cha moto wolusa.

Zoyenera kuchita

Choyamba, zinyalala za m'munda wa maluwa zisatayidwe m'ngalande kapena kumtsinje. Nthambi ziumitsidwe padzuwa pakhomo pomwepo, kenaka zikwiriridwe m'dzenje la manyowa kapena zikhale nkhuni.

Chachiwiri, lantana azulidwe ndi chitsa chomwe. Kudula pamwamba kapena kutentha kokha sikumupha, amaphukanso. Nthawi yabwino ndi ya dzinja, dothi lili lofewa, ndipo ozula avale magolovesi chifukwa cha minga.

Chachitatu, malo olambulidwa asasiyidwe poyera. Pabzalidwe udzu wa vetiva m'mbali mwa ngalande, ndi mitengo yathu monga mbawa, mkuyu ndi mtangatanga m'mbali mwa mitsinje. Komiti ibwererepo nyengo zingapo zotsatira kukazula mbande zomera kuchokera ku njere zotsala m'dothi. Magulu ambiri amagwa mphwayi pa gawo limeneli, ndipo ntchito yonse imapita pachabe.

Chachinayi, namasupuni wovuulidwa aunjikidwe kutali ndi madzi, pamalo pamene madzi osefukira safika. Munthu asamusamutsire pa dziwe la nsomba kapena la pakhomo, ngakhale akongole bwanji.

Chachisanu, ogulitsa mbande ndi maluwa m'mbali mwa misewu aleke kugulitsa lantana ngati mpanda. Obwera kuchokera kunja akumbukire kuti malamulo a dziko lino amafuna chilolezo polowetsa mbewu kapena chomera chilichonse.

Mukaona chomera chosadziwika chikufalikira mofulumira, dziwitsani mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lanu. Boma lathu lili ndi mwayi chifukwa likulu la bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi lili ku Zomba konkuno, ndipo kuli akatswiri ozindikira zomera. M'mera mpoyamba: tchire limene lero lingafune mudzi wonse ndi zikwanje linali mbande imene mwana akanatha kuzula ndi dzanja limodzi.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa komiti

1. Ndi malo ati m'dera lathu, kumsika, kumanda, kusukulu kapena kumtsinje, amene zomera zimenezi zalanda?
2. Eni mapuloti osamangidwa tiwafikire bwanji kuti azilambula malo awo?
3. Tikazula tibzalapo chiyani, ndipo ndani adzabwererepo mvula ikadzayambanso?