Phunziro 6: Kubwerera ku Koleji Mutakula Kukamaliza Digiri

Chiyambi

M'phunziro lapitalo tinaona momwe munthu wamkulu amaphunzirira mosiyana ndi mwana. Tsopano titembenukire kwa inu eni ake. Ambiri a inu muli ndi satifiketi kapena dipuloma ya uphunzitsi, ndipo ena munayambapo digiri n'kuisiyira panjira. Zaka zapita, ana akula, imvi zayamba kutuwa m'mutu, koma nkhani ya digiri ija imangobwerabe, makamaka tsiku lomwe mwamva kuti malo a wachiwiri kwa ahedi atseguka ndipo akufuna munthu wa digiri.

Mukamaliza phunziro lino mukhale mutadziwa zoyenera kufufuza musanalipire ndalama iliyonse, mutasankha njira yophunzirira yogwirizana ndi ntchito yanu, ndiponso mutalemba kalata imodzi yopita ku yunivesite. Chitsanzo chathu tichitenga ku Mandava, koma a ku Zomba, ku Chipata ndi ku Tete mudziona nokha m'nkhaniyi.

Digiri zotsala panjira ku Mandava

Mandava ndi dera la nyumba zambiri m'tawuni ya Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Tawuniyi, yomwe mpaka 1982 inkatchedwa Shabani, inakula chifukwa cha mgodi wa asibesitosi wa Shabanie. Amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique anadzagwira ntchito m'migodi ya kuno, ena osabwereranso kwawo. N'chifukwa chake m'matawuni a migodi mumamvekabe Chichewa ndipo gule wamkulu, yemwe anzathu olankhula Chishona amati zvigure, amatulukabe. Ena mwa ana ndi zidzukulu za amuna aja lero ndi aphunzitsi.

Mu 2004 boma linaika kampani ya SMM, mwini wa migodi ya Shabanie ndi Mashava, m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi boma. M'zaka zotsatira ntchito inachepa mpaka kuima, mabanja ambiri n'kutsala opanda malipiro. Kenaka kunadza 2008, chaka chomwe mitengo ya zinthu inkakwera m'mawa ndi madzulo. Malipiro a mphunzitsi sankakwana ndi thiransipoti yomwe, sukulu zambiri zinakhala miyezi osaphunzitsa, ndipo aphunzitsi ambiri anawolokera ku South Africa ndi ku Botswana. Mphunzitsi amene mkazi kapena mwamuna wake ankagwira ku mgodi anamenyedwa mbali ziwiri. Nanga fizi ya ku yunivesite akanaitenga kuti?

Tanena izi kuti mumvetse chinthu chimodzi. Ambiri amene anasiya digiri m'zaka zimenezo sanasiye chifukwa chofooka mutu ayi. Choncho funso la lero si lakuti "kodi mutu wanga ungagwirebe?" Mutu umene umakonza maphunziro a ana 45 tsiku ndi tsiku ukugwira ntchito ndithu. Zimene zimagwetsa munthu wobwerera ndi mapepala, nthawi ndi ndalama, ndipo zimagwetsa motsatana momwemo.

Mapepala kaye

Tiyerekeze mayi wa zaka 46 amene amaphunzitsa pa pulayimale ina ku Mandava. Anaphunzira zaka ziwiri za digiri mu 2006 ndi 2007, n'kungosiya osalemba kalata iliyonse. Iye akuganiza kuti wangotsala ndi theka la ulendo. Mwina ndi zoona, mwina ayi. Sangadziwe mpaka atatenga transcript yake, chikalata chosonyeza maphunziro onse omwe analemba ndi momwe anakhozera.

Akaitenga, afunse ofesi ya Registrar mafunso awa mwa kalata, osati pafoni. Kodi maphunziro omwe anakhoza aja akuwerengedwabe? Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ake pa zaka zomwe munthu ayenera kumalizira digiri, ndipo zakazo zikadutsa, ena amakuuzani kuti muyambirenso kapena mubwereze maphunziro ena. Kodi pulogalamu yomwe ankachitayo ilipobe, kapena inasintha dzina ndi zam'kati mwake? Nanga m'mabuku a ofesi ya zachuma muli ngongole ya dzina lake? Funso lomalizali anthu amaliopa, komatu ndalama ya dziko yasintha kangapo kuchokera mu 2009, ndiye n'kofunika kuti yankho lake likhale lolembedwa ndi kudindidwa. Zongomva kwa mnzanu amene anamva kwa mnzake sizithandiza. Safunsa anadya phula.

Pali vuto lina lomwe limagwera makamaka ife a mabanja ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndilo la mayina. Makalaliki a ku mgodi, a ku chipatala ndi a ku sukulu ankalemba dzina momwe alimvera. Mupeza kuti chikalata chobadwira chalembedwa Phiri, satifiketi ya O Level yalembedwa Piri, pomwe dipuloma ili ndi dzina la mwamuna. Kwa inu ndi munthu mmodzi, koma kwa wolemba ophunzira ndi anthu atatu. Konzani zimenezi msanga polumbira pamaso pa Commissioner of Oaths, ndipo musunge makope odindidwa a chikalata cha ukwati ngati dzina linasintha pa chifukwa chimenecho.

Yang'ananinso chitupa chanu. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo koma kwa makolo ochokera kunja anapezeka akuwerengedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, anabwezera unzika wobadwa nawo kwa munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, bola ngati iyeyo ankakhala m'Zimbabwe pa nthawiyo. Koma chitupa sichisintha chokha m'thumba. Ngati chanu chikadali chakale, pitani ku Civil Registry musanatumize fomu, popeza mayunivesite amasiyanitsa fizi ya nzika ndi ya mlendo.

Mayankho akabwera, khalani pansi muwerengere mosadzikondera. Nthawi zina kudzutsa digiri yakale kumadya zaka zambiri kuposa kulowa digiri ya B.Ed yokonzedwera aphunzitsi omwe ali kale ndi dipuloma, yomwe kawirikawiri imakhala yofupikirapo. Zimapweteka kutaya zaka ziwiri zomwe munavutikira, tikudziwa. Koma ife tikuona kuti ndi bwino kusankha njira yomwe ingakufikitseni, kusiyana ndi kukakamira yakale chifukwa chongoimvera chisoni.

Ntchito 1

Tulutsani mapepala anu onse a sukulu ndi a unzika, muwayale patebulo. M'kope lanu lembani dzina lanu ndi tsiku lobadwa monga momwe zalembedwera pa pepala lililonse. Kodi zikufanana paliponse? Ndi pepala liti lomwe likusowa, ndipo mungalipeze ku ofesi iti?

Njira yophunzirira

Kuphunzira uku ukuphunzitsa si kwachilendo kwa aphunzitsi a m'chigawo chino. Pulogalamu ya ZINTEC, yomwe inayamba mu 1981, inaphunzitsa aphunzitsi ali m'kalasi, akuwerenga mabuku otumiziridwa. Ku Malawi MIITEP inachita zofanana kuyambira mu 1997, sukulu ya pulayimale yaulere ya 1994 itabweretsa ana ochuluka kuposa aphunzitsi. Nayo Zimbabwe Open University inayamba mu 1993 ngati nthambi ya University of Zimbabwe, digiri yake yoyamba inali ya aphunzitsi ndi oyendetsa sukulu, ndipo inaima payokha mu 1999.

Mphunzitsi wa ku Mandava angaphunzire ali pakhomo kudzera ku yunivesite imeneyi, yomwe ofesi yake ya Midlands ili ku Gweru, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Angasankhenso block release, pomwe ophunzira amakasonkhana kwa masabata ochepa, kawirikawiri pa holide, n'kubwerera kukalemba maasayimenti kunyumba. Midlands State University, yomwe inatsegulidwa ku Gweru mu 2000, inatsegula nthambi ku Zvishavane mu 2015 m'nyumba zina za mgodi wa Shabanie. Ndi zinthu zosangalatsa kuona mdzukulu wa wokumba miyala akulowa m'nyumba zimenezo ndi mabuku. Koma samalani: kukhala ndi yunivesite pafupi sikutanthauza kuti pulogalamu yanu imaphunzitsidwa pomwepo. Funsani.

Njira yopita kukakhala ku koleji mpaka kumaliza imafuna tchuthi chovomerezeka ndi olemba ntchito, ndipo pa msinkhu uno ndi ochepa amene angaikwanitse. Njira ina iliyonse yomwe mwasankha, ahedi anu adziwe mwa kalata.

Nthawi ndi ndalama

Sabata ili ndi maola 168. Chotsanipo ogona, ophunzitsa, ochonga makope, oyenda, ophika ndi a kutchalitchi kapena kumzikiti. Otsalawo ndiwo anu, ndipo mudzadabwa kuchepa kwake. Musalembe ndondomeko ya munthu wopanda abale. Kwathu kuno maliro sitijomba, ndipo mwezi sutha popanda uthenga wa zovuta. Magetsi nawo amazima pomwe mwangotsegula kompyuta. Ndiye dziikireni tsiku lanu lomalizira asayimenti, likhale sabata imodzi tsiku lenileni lisanafike. Muonenso kalendala ya sukulu yanu: temu yachitatu, pomwe a Giredi 7 ndi a Fomu 4 akulemba mayeso a ZIMSEC, si nthawi yosenza maphunziro ambiri.

Amayi, apa pafunika kulankhula poyera. Ngati ntchito zonse za pakhomo zikhalabe pa mutu panu, maola owerengera mudzawaba ku tulo, ndipo thupi la zaka 46 silikongoza tulo kwa nthawi yaitali. Khalani pansi ndi abambo a kunyumba ndi ana musanayambe, mugawane ntchito mochita kutchula kuti wophika Lachiwiri ndi uje. Nanunso abambo, digiri ya akazi anu idzadyetsa nyumba yonse.

Za ndalama, fizi ndi gawo chabe. Pali thiransipoti, malo ogona pa nthawi ya block release, kupulinta, mabando a intaneti, ndiponso kafukufuku wa chaka chomaliza amene amadya ndalama mwakachetechete. Ambiri a inu mukulipiranso fizi ya ana. Werengerani mtengo wa digiri yonse mpaka kumapeto, osati wa semesita yoyamba yokha. Chipereganyu, chomwe kuno amati mukando, chingathandize mukapempha kuti mwezi wanu wolandira ugwirizane ndi mwezi wolipira fizi. Katapila ndiye mupewe.

Tsono zikathina, chifukwa tsiku lina zidzathina, musangosowa monga anachitira mayi wa m'chitsanzo chathu. Lembani kalata yopempha kuimitsa maphunziro kwa semesita imodzi, kapena funsani ngati mungatenge maphunziro ochepa. Kalata ya tsamba limodzi imeneyi ndiyo imasiyanitsa wophunzira amene wapuma ndi wophunzira amene wathawa.

Zomwe mukudziwa kale

Malcolm Knowles, katswiri wa ku America wa maphunziro a anthu akuluakulu, analemba mu 1970 kuti munthu wamkulu amabwera m'kalasi ndi nkhokwe ya zomwe wakumana nazo, ndipo nkhokwe imeneyo ndi chuma chophunzirira. Ndi zoona. Koma chuma chomwechi chimasanduka msampha. Mphunzitsi wa zaka 20 pa ntchito akafunsidwa funso amakonda kuyankha kuti "ine ndaona" basi, osawerenga zomwe ena anafufuza. Wochonga amafuna zonse ziwiri: zomwe mwaona, ndi zomwe olemba ena apeza, kenaka maganizo anu pa kusiyana kwake.

Taonani chitsanzo. Mwapatsidwa asayimenti ya chiyankhulo chophunzitsira ana aang'ono. M'kalasi mwanu muli mwana amene amalankhula Chichewa ndi agogo ake, Chishona pa masewera, ndi Chingerezi pa bolodi. Mukudziwa mawu omwe amamusokoneza, mukudziwanso kuti amachita manyazi kulankhula Chichewa pamaso pa anzake. Gawo 6 la malamulo aakulu a 2013 linaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'dziko. Nanga n'chifukwa chiyani mwanayu akubisabe chiyankhulo chake? Funso limenelo wachinyamata wongochoka ku Fomu 6 sangalifunse momwe mungalifunsire inu, ndipo lingakhale mutu wa kafukufuku wanu wonse.

Konzekeraninso kuphunzitsidwa ndi munthu wamng'ono kwa inu, mwinanso amene munamuphunzitsa kugwira pensulo. Mumupatse ulemu wa udindo wake. Pa za kompyuta, achinyamata a m'kalasi mwanu akhale aphunzitsi anu, palibe chamanyazi. Chamanyazi ndi kukopera ntchito ya wina, kaya pa intaneti, kaya kwa mnzanu, kaya kulembetsa makina oyankha mafunso aja n'kuikapo dzina lanu. Mayunivesite ali ndi njira zofufuzira zimenezi, ndipo chilango chake chingathetse digiri yomwe mwabwerera kachiwiri. Inu nomwe mumagwira ana okopera, eti?

Ntchito 2

Lembani kalata yosapitirira tsamba limodzi yopita kwa Registrar wa yunivesite yomwe munasiyira maphunziro, kapena yomwe mukufuna kulowa. Mutchule dzina lanu monga linalembedwera nthawi imeneyo, nambala yanu ya ophunzira ngati mukuikumbukira, pulogalamu, ndi zaka zomwe munaphunzira. Mufunse za maphunziro omwe akuwerengedwabe, za malire a nthawi, ndi za ngongole. Pa tsamba lina lembani maola omwe mwapeza pa sabata ndi mtengo wa digiri yonse, ndipo wa kunyumba kwanu aone masamuwo. Tumizani kope la kalatayo kwa mlangizi wanu pamodzi ndi asayimenti ya gawo lino, ndipo kalata yeniyeniyo muitumize ku yunivesite sabata ino.