Kodi madzi amachepetsa thupi?

Funso: Adokotala, ndimagulitsa kaunjika pamsika, ndipo chibadwire mwana wanga wachitatu ndanenepa kwambiri. Anzanga akuti ndizimwa madzi otentha a mandimu m'mamawa kuti mafuta asungunuke. Kodi n'zoona? – Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, madzi sasungunula mafuta, kaya akhale otentha kaya a mandimu. Komabe amathandiza, chifukwa alibe shuga ngakhale pang'ono. Botolo la Coca-Cola la 500ml lili ndi shuga wopitirira masupuni aang'ono 10. Ngati pamsikapo ludzu mumalipha ndi zoziziritsa kukhosi kapena thobwa lodzaza shuga, kusinthira ku madzi ndiko kungayambe kukuchepetsani. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri shuga wakumwayu samuwerengera n'komwe. Kapu imodzi ya madzi musanadye nsima imathandizanso ena kukhuta msanga.

Imwani pafupifupi malita 2 patsiku, ndipo onjezerani kukatentha ngati mu Okutobala kapena ngati mukuyamwitsa. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. A pachitsime muziwiritsa kapena kuthiramo klorini, kupewa kolera. Koma ngati mumadwala impso kapena mtima, mlingo wake mukafunse kuchipatala.