Za Timagulu Tothandizana pa Zowawa za Mumtima

Munthu akathyoka mwendo m'dziko la Mfumu Mpanshya, abale ace amnyamula kumka naye ku cipatala ca St Luke's, ndipo palibe wocita manyazi. Koma ziripo zowawa zina zosaoneka ndi maso: cisoni ca mkazi wamasiye cimene cikhalabe maliro atatha, mantha a munthu wopezeka ndi kacirombo ka HIV, ukapolo wa kacasu, ndi nkhawa yolanda tulo. Zotere anthu azibisa. Cipatala cacikuru ca nthenda za maganizo, ca Chainama Hills, ciri ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 150 kucokera ku Rufunsa, ndipo si onse akhoza kulipira ulendowo. Nanga wosweka mtima adzamuka kwa yani?

Thandizo limodzi liri pafupi ndithu, ndilo kagulu ka anthu a bvuto limodzi, osonkhana nthawi ndi nthawi kuti auzane za mumtima.

M'caka ca 1935, m'mzinda wa Akron ku America, anakomana amuna awiri ogonjetsedwa ndi mowa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith. Wilson anazindikira kuti pamene analimbikitsa mnzaceyo, cilakolako cace comwe ca mowa cinacepa mphamvu. Pamenepo panayambira gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri.

M'Zambia muno, m'caka ca 1990, Winstone Zulu ananena poyera kuti ali ndi HIV, masiku amene odwala anali kusalidwa ngakhale ndi abale ao. Ena analimba mtima pomuona, ndipo m'caka ca 1996 anakhazikitsa bungwe la NZP+, la anthu okhala ndi kacirombo. Mankhwala a ARV asanayambe kupatsidwa kwaulere, cimene anthuwa anapatsana cinali cibale ndi ciyembekezo.

Kagulu kotere kathandiza motani? Poyamba, kacotsa bodza lakuti munthu ali yekha. Wamasiye akamva mnzace alikufotokoza usiku womwewo wosagona, adziwa kuti sanapenge. Kaciwiri, uphungu wa munthu amene anapitamo ulandirika msanga, pakuti sayankhula monga woweruza. Kacitatu, wothandizidwa asanduka wothandiza, ndipo amene anadziyesa wopanda pace apezanso ulemu wace. Akale ananena zoona kuti mutu umodzi susenza denga.

Malembo abvomereza zimenezi. Pa Agalatiya 6:2 Paulo alamulira okhulupirira kusenzerana zolemetsa. Abwenzi atatu a Yobu anacita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi ali cete, analakwa pamene anayamba kufunafuna cimo lace (Yobu 2:13, 42:7). Kagulu kakumbukire ici.

Tsono pali malamulo oyenera kusungidwa. Anthu akhale owerengeka, kuti yense apeze nthawi yakunena. Tsiku ndi malo zisasinthesinthe, ngakhale m'nyengo ya dzinja. Wina alikulankhula, ena asamdule mau, ndipo wosafuna kunena asakakamizidwe. Koposa zonse, zonenedwa pamenepo zisamveke kucitsime kapena kucigayo. Pakuti cinsinsi cikaululika kamodzi, kagulu kafa, ndipo wobvulazidwayo sadzatsegulanso pakamwa.

Komanso kagulu kadziwe malire ace. Sikalowa m'malo mwa dokotala ai. Wakumwa ARV asaleke mankhwala cifukwa wapemphereredwa. Munthu akayamba kunena za kudzipha, kapena kuleka kudya masiku ambiri, anzace asamsiye yekha, koma amperekeze ku cipatala tsiku lomwelo. Apa pokha cinsinsi cigonjera moyo.

Mpingo uli nazo kale zofunika zonse: nyumba ya mapemphero imene ikhala yotseka pakati pa sabata, akulu a mpingo odziwa nyumba iri yonse, ndi amai a Cigwirizano ozolowera kuceza kwa odwala. Cotsala ndi kuitana mwakacetecete iwo a katundu mmodzi, kuwapatsa malo, ndi kuwasiya alankhulane okha. Mbusa angathe kutsegula ndi pemphero, koma asasandutse msonkhanowo ulaliki.

Akulu a mpingo uli wonse, kuyambira kwa Bunda Bunda kufikira kwa Shikabeta, ayenera kudzifunsa caka cino: ndani analeka kufika ku mapemphero cifukwa ca manyazi kapena cisoni, ndipo ndani pakati pa Akristu anayendapo njira yomweyo, amene akhoza kukakhala naye pansi?