MPHUNZITSI WA M'LAMYA: MAPHUNZIRO A KANEMA AULERE KWA ANA NDI AKULU A KU CHONGWE

Alimi a m'boma la Chongwe adziwa bwino kuti mwezi wa Januwale, pamene masukulu atsegula, ndiwonso mwezi umene udzu ukula msanga m'minda ya cimanga. Pa makomo ambiri mwana apita ku sukulu masiku atatu, ndipo masiku awiri ali ndi khasu m'munda kapena ali kubusa. Tsiku lina mtsinje wadzala, sangathe kuoloka. Mphunzitsi sangaime kudikira mwana mmodzi, pakuti ana ali ambiri m'kalasi, makamaka kuyambira caka ca 2022 pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu. Phunziro limene mwana anaphonya lipita ndithu. M'masamu cinthu ici ciri coopsa koposa, cifukwa amene sanamve kugawa sadzamvanso magawo a pa zana, ndipo bvuto limene linayamba ndi masiku awiri a kupalira lidzaonekera pa mayeso a Examinations Council of Zambia patapita zaka.

Masiku ano kuli njira yobwezera phunziro lotayika. Pa intaneti pali makanema a maphunziro a sukulu amene munthu aliyense angaone popanda kulipira mphunzitsi, ndipo lamya ya m'manja imene iri kale pa makomo ambiri ikwanira kuwaonetsa.

Kuphunzira kwa mphunzitsi amene ali kutali si cinthu cacilendo m'dziko lino. Mu 1949 kunafika mawailesi otsika mtengo aja a maonekedwe a sefuliya, ndipo anthu a m'midzi anayamba kumva mau ocokera ku Lusaka. Pambuyo pa ufulu alimi anali kusonkhana m'magulu kumvera Radio Farm Forum, ndipo mu 2000 kunayamba maphunziro a pa wailesi a Taonga Market, othandiza ana amene analibe malo m'sukulu. Pamene masukulu anatsekedwa m'mwezi wa Malici 2020 cifukwa ca matenda a Covid-19, maphunziro anaulutsidwanso pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema. Zonsezi zinathandiza, koma zinali ndi cirema cimodzi: wailesi siyembekeza munthu. Amene anacedwa ku dimba anapeza phunziro litatha, ndipo amene sanamve mau ena analibe njira youzira woulutsa kuti abwereze.

Kanema wa m'lamya ndiye ayembekeza. Wophunzira angamuimitse, nabwerera m'mbuyo, namvanso kasanu kapena kakhumi, ndipo mphunzitsi wa m'kanemayo satopa, sakwiya, ndiponso palibe anzace omuseka mwanayo cifukwa ca kucedwa kumva. Apa ndipo pagona ubwino wonse wa njira iyi.

CIYAMBI CACE

Sukulu yodziwika koposa ya mtundu uwu ndiyo Khan Academy ya ku America. Mwini wace, Salman Khan, sanali mphunzitsi konse, anali kugwira nchito ya za ndarama. Mu 2004 anayamba kuthandiza msuwani wace wamng'ono amene masamu anali kumbvuta, ndipo popeza anali kukhala m'mizinda yotalikirana, anali kuphunzitsana pa lamya ndi pa kompyuta. Abale ena atafunanso thandizo, mu 2006 iye anayamba kuika maphunzirowo pa YouTube, ndipo mu 2008 nchitoyo inakhala bungwe losafuna phindu. Makanema ace ali aafupi, ambiri a mphindi khumi kapena kucepera. Nkhope ya mphunzitsi siioneka. Cioneka ndi bolodi lakuda ndi zolemba zimene ziturukira pamene iye alankhula, monga ngati munthu wakhala pambali pa mwana ndi kumlembera pa sileti. Muli masamu kuyambira kuwerenga manambala kufikira a ku koleji, muli sayansi, mbiri yakale, ndi malamulo a Cingelezi, ndipo pambuyo pa phunziro pali mafunso oyesera.

Makolo ayenera kudziwa kuti maphunziro awa sanalembedwe potsata silabasi ya Zambia. Mafunso ena anena za madola, mamailo ndi mapaundi, ndipo mbiri yakale imene irimo kwambiri ndi ya maiko ena. Kugawa kuli cimodzimodzi ku America ndi ku Chalimbana, cotero m'masamu ndi m'sayansi mwana apindula kwambiri. Koma za mitsinje ya dziko lino, za mafumu ndi za kayendetsedwe ka Boma azifune m'mabuku a ku sukulu, kapena mu Learning Passport, imene Unduna wa Zamaphunziro unakonza pamodzi ndi UNICEF potsata maphunziro a kuno.

KAPHUNZIRIDWE KOYENERA

Kuyang'ana kanema si kuphunzira. Mwana angakhale ora lathunthu maso ali pa lamya, akubvomera ndi mutu, koma m'mawa mwace osatha kuwerengera samu imodzi. Cifukwa cace lamya isatsegulidwe kope ndi pensulo zisanafike pa mphasa. Mphunzitsi wa m'kanema akalemba funso, wophunzira aimitse kanemayo, ayese yekha, ndipo pambuyo pace aone ngati njira yace yagwirizana ndi ya mphunzitsi. Akalakwa abwerere pamene anasokera. Phunziro limodzi pa tsiku, lomveka bwino ndi loyesedwa m'kope, liposa maphunziro asanu oonedwa mothamanga.

Ciyambi ciyenera kukhala pamene mwana anatayikira, osati pa kalasi imene alimo. Ici cibvuta, pakuti mnyamata wa ku sekondale acita manyazi kubwerera ku masamu a ku pulaimale, ndipo atate ace angaganize kuti akutaya nthawi. Koma mlimi amene apeza mipata m'mizere ya cimanga abwerera kukapakiza, sapitirira ndi kuthira feteleza pa dothi lopanda mbeu. Mphunzitsi wa m'kalasi ndiye adziwa pamene pali mipata ya mwana. Kholo lipite kwa iye, limpemphe alembe pa pepala mitu itatu kapena inai m'Cingelezi, kuti ikhale yofunafuna pa lamya. Popanda pepala lotere mwana angoyendayenda m'makanema, ndipo posacedwa adzapezeka ali pa nyimbo ndi mpira.

Cingelezi ca ku America cibvuta m'makutu poyamba. Pa YouTube pali pocepetsera liwiro la kulankhula, ndiponso pali poonetsera mau olembedwa m'munsi mwa cithunzi. Zonse ziwiri zigwiritsidwe nchito. Ana awiri kapena atatu akaphunzira pamodzi, mmodzi afotokozere anzace m'Cinyanja kapena m'Cisoli zimene wamva. Amene alephera kufotokoza m'cinenero ca kwao ndiye kuti sanamvetse.

MASAMU A M'MUNDA

Ena anena kuti masamu a m'kanema alibe nchito kwa mlimi. Zitsanzo ziwiri ziyankha mau awa.

Lima imodzi ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi, ndiwo gawo limodzi la magawo anai a hekitala. Mlimi wokumba maenje a ulimi wosunga cinyontho asiya masentimita 90 pakati pa mizere ndi masentimita 70 pakati pa maenje. Kodi adzakumba maenje angati? Mamita 50 ndiwo masentimita 5,000. Kugawa 5,000 ndi 90 kupatsa mizere 55. Kugawa 5,000 ndi 70 kupatsa maenje 71 mu mzere umodzi. Ndipo 55 kucurukitsa ndi 71 ndiwo maenje 3,905. Amene adziwa nambala iyi adziwanso masiku amene banja lace lidzakumba m'cirimwe, manyowa amene afunika, ndi malipiro oyenera a waganyu, ndipo sanganyengedwe. Samu iyi ndi kugawa ndi kucurukitsa cabe, zimene ziri m'makanema a ana a ku pulaimale.

Caciwiri ciri pa thumba la feteleza. Pa thumba la Compound D palembedwa 10-20-10, ndipo pa la Urea palembedwa 46. Manambala awa ndiwo magawo a pa zana. Thumba la makilogalamu 50 la Compound D liri ndi makilogalamu 5 a naitrojeni, cakudya cobiriwitsa masamba, pamene thumba la Urea liri ndi makilogalamu 23. Mwana amene waphunzira magawo a pa zana angafotokozere amai ace cifukwa cimene Urea athiridwa pamwamba cimanga citakula, ndi cifukwa cimene thumba limodzi silingalowe m'malo mwa linzace. Masamu omwewo ndiwo aulula kuti ngongole ya K1,000 ya ciongoladzanja ca 10 pa 100 mwezi uli wonse ifuna K600 yoonjezera pakutha miyezi isanu ndi umodzi, ndarama zimene ambiri aziona pokhapokha tsiku lobweza litafika.

ZA NDARAMA NDI MOTO

Phunziro liri laulere, koma bandulo igulidwa, ndipo kanema adya bandulo msanga kuposa mau kapena zithunzi. Banja lisaone kanema mmodzi kasanu pa intaneti ndi kulipira kasanu. Kanema akopedwe kamodzi m'lamya, pamene pali netiweki yabwino, monga pa boma pa Chongwe kapena m'mbali mwa mseu wa Great East Road tsiku lopita kukagulitsa ndiwo ndi tomato. Pambuyo pace angaonedwe ku mudzi kosawerengeka popanda kulipiranso. Cithunzi cisankhidwe cosawala kwambiri, pakuti zolemba za pa bolodi zioneka ndithu ndipo mtengo ucepa. Makampani ena a lamya agulitsa mabandulo a usiku motsika mtengo. Mabanja oyandikana angagawane mitu, wina akope masamu, wina sayansi, kenaka asinthane.

Kwa masukulu amene ali kutali ndi netiweki kuli Kolibri, imene bungwe la Learning Equality linaturutsa mu 2017. Iyi isunga makanema a Khan Academy ndi mabuku ena m'kompyuta imodzi, ndipo malamya ndi matabuleti a pafupi atenga maphunzirowo popanda intaneti. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi imene iri ndi kompyuta ndi sola ingafunse za njira iyi. Pa khomo, sola yaing'ono yodzazira lamya ikwanira. Koma mwini lamya aike lamulo lakuti moto wa madzulo usungidwire phunziro.

Ana a akazi asaiwalike pa kugawa nthawi. Kawirikawiri lamya ifika m'manja mwa mnyamata pamene mlongo wace ali ku citsime kapena pa mafuwa, ndipo pomaliza nchito moto watha. Nthawi ya mtsikana iikidwe poyamba.

AKULU NAONSO

Amene anasiya sukulu kalekale, kapena analephera masamu ndipo afuna kulembanso mayeso a GCE, ali ndi miyezi ya pambuyo pa kukolola, kuyambira Julaye kufikira mvula yoyamba, imene nchito ya m'munda icepa. Theka la ora madzulo ali onse m'miyezi iyi lifikitsa munthu patali. Za kulembetsa mayeso afunse kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pafupi, pakuti makanema aphunzitsa cabe, sapereka satifiketi ya Boma; ndipo aliyense wofuna ndarama kuti agulitse maphunziro a Khan Academy akugulitsa cinthu caulere.

Kulinso makanema a ulimi weniweni. Bungwe la Access Agriculture, limene linayamba mu 2012, liri ndi makanema aulere oonetsa alimi anzao akupanga manyowa, akusunga mbeu ndi kuweta ziweto, ndipo ambiri anamasuliridwa m'Cicewa. Ku Malawi anyamata a m'misika amene aika nyimbo m'makadi a lamya anathandiza kuwafikitsa kwa alimi. Komabe dothi ndi mvula za kumene kanema anajambulidwa zingasiyane ndi za ku Chongwe. Njira yatsopano iyesedwe pa mizere yowerengeka caka coyamba, ndipo mlimi ayambe waonetsa kanemayo kwa mlangizi wa dera lace, kapena kwa mnzace amene anaphunzira ku Kasisi Agricultural Training Centre, kumene aphunzitsa alimi ang'onoang'ono kuyambira 1974.