Bwanji webusaiti yanga sikuoneka pa Google?

Funso: Ndili ndi malo ogona alendo ku Mangochi. Amene anandipangira webusaiti anadzaza mawu ambiri mu keywords meta tag, koma anthu akafufuza pa Google satipeza. Kodi tiwonjezeremo mawu ena? Mayi wa ku Mangochi

Yankho: Ayi mayi, musavutike nazo. Mu 2009 Google inalengeza poyera kuti sigwiritsa ntchito keywords meta tag posanja masamba, chifukwa ambiri ankaikamo mawu achinyengo osagwirizana ndi zimene zili patsamba.

Ikani mtima pa title tag. Umenewu ndi mutu umene umaoneka pa zotsatira za Google, ndipo ndi umene mlendo amawerenga asanadine. Tsamba lililonse likhale ndi mutu wakewake. Mawu amene anthu amalemba pofufuza muwaike koyambirira, dzina la malo anu kumapeto, ndipo mutu usapitirire zilembo pafupifupi 60 kuti usadulidwe. Mutu wongoti "Home" ndimauona kawirikawiri, ndipo sunena chilichonse. Ngati alendo anu amafufuza m'Chingerezi, mutu ukhale m'Chingerezi, ndipo Mangochi atchulidwe. Musabwereze mawu amodzi kangapo, chifukwa Google itha kulemba mutu wina m'malo mwa wanu.

Meta description, imene ndi mawu achidule ofotokoza tsamba amene amaoneka pansi pa mutu, sikweza tsamba, koma ikalembedwa bwino imakopa owerenga.

Lembetsani webusaiti yanu ku Google Search Console, ndi yaulere. Ikasonyeza kuti masamba anu sanalowe m'kaundula wa Google patapita milungu ingapo, itanani katswiri aone ngati pali noindex (lamulo louza Google kuti isaike tsamba m'kaundula) imene ikuwatsekereza.